Basi ya a Dalaiva Yosachoka M'chipinda

Mumsewu mwathu munali munthu amene anagula makina oyendapo chifukwa adokotala anamulamula kuti aziyenda, kenako n'kukana kuwakwera poopa kuti angathe msanga. Munthuyo anali a Dalaiva. Ndayamba ndi mfundo imeneyi chifukwa aliyense amene ndamuuza kuti ndikulemba za iwo wandifunsa funso limodzimodzi: "Za makina zija mwaikamo?" Ndaikamo. Ndipo nditawerenganso bwino, ndaona kuti palibe china chimene ndaikamo.

Ndinene msanga kuti sindinalembepo nkhani. Ine ndine mphunzitsi, ntchito yanga ndi kuchonga zolemba za ena, ndiye cholembera changa chinazolowera kufufuta kuposa kuyamba. Chotero zimene ndinaona ndi maso ndinena kuti ndinaona, zimene ndinangomva ndinena kuti ndinamva. Nyumba yanga ndi yawo zimalekana ndi mpanda wamaluwa wolekeza m'chiuno, ndiye zomva zinali zambiri.

A Dalaiva anayendetsa mabasi a maulendo ataliatali kuyambira ali mnyamata mpaka imvi mbuu. Atapuma pantchito anabwera kunyumba ndi chipewa cha kampani, bokosi la masipanala, ndi mimba imene inkayamba kulowa m'nyumba eni ake akadali pageti. Kuyenda pansi ankakuona ngati chilango cha anthu amene basi yawasiya. Mkazi wawo, amene tonse timawatchula kuti Mayi Telala chifukwa amasoka zovala, ankakonda kunena kuti, "Bambo awa miyendo anakaipereka ku depoti pamodzi ndi makiyi."

Tsiku lina a Dalaiva anakhala pansi mwadzidzidzi pakati pa bwalo, atagwira pachifuwa, nkhope itachita phulusa. Kuchipatala sindinapite nawo. Zotsatirazi ndinamva kwa Mayi Telala.

"Mtima wanu watopa, bambo," anatero adokotala. "Muziyenda tsiku lililonse mpaka thukuta lituluke. Mukapanda kutero, mvula ikubwerayi sindikulonjezani kuti mudzaimva ikugwa padenga."

"Ndiziyenda kuti?"

"Mumsewu."

"Adokotala, oyendetsa galimoto a masiku ano ine ndimawadziwa. Ena ndinawaphunzitsa ndine. Mumsewu simundionamo."

"Ndiye gulani makina oyendapo m'nyumba. Ndi lamba wamkulu woyala pansi, woyendetsedwa ndi mota yamagetsi. Inu mumayenda pamwamba, lamba akuthawira kumbuyo, osachoka pamalo."

Mayi Telala akuti pa mawu onsewo, amuna awo anatolapo amodzi okha: mota. Maso anawala ngati nyali zakutsogolo.

Kokagula ananditenga ine, ati ndikawawerengere timalemba ting'onoting'ono. Tisanapite anabwereka tepi yoyezera ya Mayi Telala n'kuyeza chipinda chosokeramo, m'litali, m'lifupi, ngakhale kuchoka pansi kufika kudenga. Mayiwo ankangoyang'ana, osadziwa kuti chimene chikuyezedwa ndi ofesi yawo.

Sitolo yake inali yaikulu, yamagalasi, makina atandandalika mzere ngati mabasi m'mawa pa depoti. Anatilandira mtsikana wogulitsa, waulemu, womwetulira, wosadziwa kuti tsiku lake latha. A Dalaiva anazungulira makina oyamba manja ali kumbuyo. Anawamenya ndi phazi pambali, pamene pakanakhala tayala. Kenako anagwada, n'kugona chammbali pansi m'sitolo ya eni, kusuzumira kunsi.

"Ayenda mtunda wautali bwanji amenewa?"

"Ndi atsopano, bambo. Tangowatulutsa m'katoni."

"Ogulitsa onse amatero, mwanawe."

"Pepani bambo, mumalemera bwanji? Makina alionse ali ndi malire ake."

"Funso limenelo pa sikelo yapamsewu ankafunsa basi. Ine ankangondipatsa moni."

Komabe anamunong'oneza nambala ija kukhutu. Ine sindinaimve, ndipo ndikanaimva sindikanailemba. Mtsikanayo anangotitsogolera mwakachetechete, kudutsa makina ang'onoang'ono onse, mpaka kumapeto kwa mzere kumene kunali chimakina chakuda, chachifuwa chotambalala. Anafotokoza kuti munthu wamtali ndi wathupi amafunika lamba wautali komanso wotambalala kuti phazi lisatere kunja, mota yamphamvu yosatentha msanga, ndi zogwirira zosagwedera. A Dalaiva ankagwedeza mutu ngati akumva uthenga wabwino.

"Rivesi ili pati?"

"Palibe, bambo."

"Hutala?"

"Palibenso."

"Nanga munthu akaima kutsogolo?"

"Kutsogolo kukhala khoma, bambo."

Pamenepo anatsala pang'ono kukhumudwa, koma mtsikanayo anawaonetsa kakiyi kofiira kokhala ndi chingwe. Chingwecho umachipana pamalaya, ndipo ukaterereka chimazula kakiyiko, makina n'kuima pomwepo. A Dalaiva anakazula n'kukabwezera, kukazula n'kukabwezera, akuseka chamumtima.

"Aphunzitsi, mwaona? Basi yoti dalaiva akagwa imaima yokha. Zikanakhalako kale zimenezi, anzanga ena bwenzi alipo."

Atanena kuti mafuta ali nawo kale kunyumba, chigubu chathunthu cha oyilo wa injini, mtsikana uja anagwira pakamwa. Anawachonderera kuti asayerekeze, oyilo ameneyo amadya lamba. Anawapatsa kabotolo ka mafuta ake enieni, oyera ngati madzi. A Dalaiva anakaunika kuwala.

"Chimakina chonsechi chimamwa kabotolo ka mankhwala a m'maso? Basi yanga ikanamva ikanachita manyazi."

"Takwerani muyese, bambo."

"Aphunzitsi, kwerani."

Ndinakwera, nditavala tayi ndi nsapato zakusukulu. Iwo anatulutsa sipanala m'thumba la jekete, mbali ina kuigunditsa pachivindikiro cha mota, mbali ina kukhutu, maso atatseka. Anandiyendetsa pang'onopang'ono, anandithamangitsa, anandikweza chitunda, chifukwa makinawo amatha kudzuka kutsogolo ngati msewu wokwera phiri. Pomaliza anatsegula maso.

"Injini iyi ilibe bodza. Tikutenga."

Apa ndinayenera kuzindikira kanthu. Tinatuluka m'sitolomo ine ndili thukuta lokhalokha, wodwalayo ali wouma ngati choko.

Makina atafika, zinadziwika kuti chipinda tinachiyeza bwino, koma khomo tinaliiwala. Anyamata obweretsa katundu anayesa chagada, anayesa chammbali, mpaka tinazula chitseko ndi mafelemu ake. Mayi Telala anaima poteropo manja ali m'chiuno.

"Tepi yanga ija inakana kuyeza chitseko?"

"Mayi a ana, basi yabwino siyendera njira zing'onozing'ono."

"Nanga makina anga osokera akhala pati?"

"Pakhonde. Ulusi wanu ndi tizidutswa ta nsalu zikalowa m'mota, tamaliza."

Umu ndi mmene mayi amene anasokera m'chipindamo kuyambira ana ali akhanda anapezekera pakhonde, kunsi kwa zenera la chipinda chomwecho. Mfundo ya zenerayi muisunge, ibweranso.

Tsopano chisamaliro. Ndaonapo anthu akulera ana oyamba kubadwa, koma sindinaonepo chotere. M'mawa uliwonse a Dalaiva ankavala chipewa cha kampani, n'kuvundukula nsalu imene anakakamiza Mayi Telala kusoka. Ankapukuta zogwirira ndi mabatani, kusesa fumbi kunsi, kulowetsa dzanja pansi pa lamba kuti amve ngati pauma. Pakauma, madontho a kabotolo kaja, moyeza ngati akupatsa mwana mankhwala. Kenako ankayatsa makina opanda munthu, n'kunjuta kumbuyo diso limodzi atatsinzina, kuona ngati lamba akuyenda pakati. Akapendekera mbali imodzi, ankatenga kasipanala kopindika n'kupotokola bawuti yakumbuyo ya mbali yomweyo pang'ono chabe, osamaliza kuzungulira.

"Kotala yokha, Aphunzitsi. Kenako dikirani muone. Anthu amaononga zinthu chifukwa chomanga mokwiya."

Madzulo ankazula pulagi kukhoma n'kufunditsanso nsalu. Pa chogwirira chakumanja anamangirirapo belu la njinga, kuti nkhani ya hutala ithe.

Chimene sankachita ndi chimodzi chokha: kukwera.

"Bambo a ana, mukwera liti?" Mayi Telala ankafunsa pazenera.

"Ine ndili pamalire penipeni a kulemera kwake. Moyo wanga wonse sindinanyamulepo mopyola muyeso, ndiyambe lero pa basi yangayanga?"

"Adokotala anati muziyenda ndinu."

"Dalaiva sakhala pampando wa okwera."

Koma ankadziwanso kuti galimoto yongoimikidwa imaonongeka, ndiye anayamba kusaka okwera. Woyamba ndinali ine, poti mpanda ndi waufupi. Kenako a Bucha, ogulitsa nyama pakona, munthu wathupi lofanana ndi la a Dalaiva. Kenako amayi a ku saluni, wometa tsitsi, ngakhale wowerenga mita yamadzi, amene anangobwera kudzagwira ntchito yake. Malamulo anali okhwima. Nsapato uzipukute kunsi, tiyi asalowe m'basi, poyamba ulendo mapazi akhale m'mbali mpaka lamba atayamba kuyenda. A Dalaiva ankaima pambali, dzanja pamabatani, n'kumalengeza ulendo.

"Tanyamuka. Msewu ndi wabwino, tiwonjezere pang'ono. Kutsogoloku kuli chitunda, gwirani zolimba."

"Achimwene, nditsike," a Bucha ankadandaula, malaya atamatirira kumsana.

"Pano si pa siteji."

"Ndikufa, achimwene."

"Mukafere pa siteji. Pano apolisi angandigwire."

Belu ngiri ngiri, ulendo n'kumapitirira. Msewu wonse unkadzuka m'mawa kukaima pamzere pakhomo pawo, anthu akusekana, akubetcherana kuti lero atsike akukwawa ndani. Amayi a ku saluni ankapempha malo apazenera, ngakhale malo anali amodzi okha. Posapita nthawi anthu anayamba kuphwa. Wometa tsitsi anaboola bowo latsopano palamba wa buluku. A Bucha anaonanso zala zawo zakumapazi, n'kutiuza kuti sizinasinthe kwenikweni. Mayi Telala ntchito inawachulukira, yobweza mabuluku ndi masiketi a msewu wonse. Buluku lokhalo limene ankaliwonjezera nsalu linali la amuna awo.

Atabwerera kuchipatala, adokotala anafunsa ngati makina akugwira ntchito.

"Tsiku lililonse, adokotala. Sanajombepo."

Limenelo silinali bodza, koma zoyezera zinanena zina. Madzulo ake ndinapeza Mayi Telala ataima pampanda, akuthothola masamba a maluwa osadziwa kuti akuthothola.

"Aphunzitsi, mtima uja ukuipiraipira. Ndachonderera, ndakwiya, ndaimbira ana. Akungoti mawa. Munthuyu andifera m'nyumba muli mankhwala ake, atawafunditsa nsalu yosoka ine."

Ndinangoti pepani, ngati kuti maliro achitika kale, ndipo mpaka lero ndimaona kuti mawuwo sanali oyenera.

M'mawa wina a Bucha ali pakati pa chitunda, ine ndikudikira nthawi yanga, m'chipindamo munamveka kaphokoso. Ka.

A Dalaiva anazula kakiyi kofiira. A Bucha anatsala pang'ono kupsompsona khoma.

"Chalira n'chiyani?"

"Mwina ndi bondo langa, achimwene."

"Bondo lanu ndimalidziwa, limalira mokoka. Ichi n'chitsulo."

Tsiku limenelo ulendo unathera pomwepo. Anatsegula chivindikiro cha mota, anaunika ndi tochi, anagwedeza bawuti iliyonse. Sanapeze kanthu. Anandikweza ine, kaphokoso zii. Anakweza amayi a ku saluni mmodzimmodzi, zii. Anakwezanso a Bucha, ndipo atayenda mpaka kutuluka thukuta, ka. A Dalaiva anasiya kudya bwino. Munthu amene sankadandaula za mtima wake ankayenda uku ndi uku pabwalo akudandaula za beringi, kachitsulo kamene ankati kamathandiza chogudubuza lamba kuzungulira.

Kenako a Bucha anakana kubwera.

"Ine nyama ndimagulitsa, achimwene. Sindingasiye yanga yonse m'chipinda mwanu."

Ndinamva pambuyo pake kuti Mayi Telala anali atadutsa kubutchala dzulo lake, koma zimene anakambirana sindikuzidziwa, ndiye sindinena.

A Dalaiva anakhala pampando moyang'anizana ndi makina awo, chibwano chili m'manja. Mawu anachokera pazenera, pakati pa kulira kwa makina osokera.

"Kaphokoso kanuko kakuoneka kuti kamafuna munthu wolemera."

"Ndaona."

"Ndiye mumsewu muno wolemera watsala ndani, poti onse munawasungunula?"

A Dalaiva anangoyang'anabe makina awo.

"Komanso si inu munkatiuza kuti vuto la basi silimveka ndi khutu, limamveka m'mapazi a dalaiva? Kapena zinali zongocheza?"

Ndinaliko, ndipo ndikuchitira umboni. A Dalaiva anaimirira. Anavula chipewa, anachiyang'ana, anachivalanso. Anapukuta nsapato kunsi, kenako n'kupukutanso. Anapana chingwe chofiira pamalaya, anaika mapazi m'mbali monga mwa lamulo lawo lomwe, n'kusisita chogwirira.

"Upirire, mwana wanga. N'zokuthandiza iwe wemwe."

Nkhani inathamanga mumsewu kuposa basi iliyonse imene anayendetsapo. Wometa tsitsi anabwera ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi. Amayi a ku saluni anadzaza pakhomo lopanda chitseko lija, mmodzi akuimba nthungululu chapansipansi. A Bucha anafika ndi epuloni yawo, n'kuima kutsogolo.

"Achimwene, mukafuna kutsika mundiuze, ndikuuzeni pamene pali siteji."

"Khalani chete, ndikumvetsera."

Anayenda pang'onopang'ono, mutu utapendekera kumanzere, makutu ali tcheru. Mpweya unayamba kuvuta, thukuta linatsika m'khosi. Dzanja linanyamuka kupita pa batani loimitsira.

Ka.

"Mwamva? Kali kumbuyo, chakumanja." Dzanja linabwerera pachogwirira. Anayendanso, ndipo atatopanso, ka. Anatsika nkhope ikuwala ngati mwana wopambana mayeso.

"Mawa ndikagwira. Kandizolowera."

Sanakagwire mawa lakelo, kapena linzake. Gwero la kaphokosoko ndinalipeza ndine, mwangozi. Ndinapita ndi buluku langa kuti akalibweze m'chiuno, ndipo m'malo modzera kutsogolo ndinazungulira kukhonde. Mayi Telala anali atasiya kusoka, khutu lili kuzenera, akumvetsera mapazi a amuna awo. Mapazi atayamba kukoka, anatenga sizasi yawo yaikulu n'kugogoda mwendo wachitsulo wa makina osokera. Ka.

Anatembenuka, maso athu n'kukumana. Anayang'ana buluku lili m'manja mwanga.

"Aphunzitsi, buluku limeneli mukufuna lidzakhale la miyendo yofanana?"

Ndisanayankhe, mawu anachokera m'kati. "Aphunzitsi, ndinu? Mwakamva?"

Ine bodza limandivuta kuyambira ubwana, limandituluka ndi chibwibwi. Ndinaganiza mofulumira kuposa mmene ndinaganizirapo m'kalasi.

"Ndamva chitsulo chikugunda chitsulo chinzake, a Dalaiva."

"Eya. Ndi zimene ndikunena ine."

Kuyambira pamenepo kusaka kaphokoso kunasanduka ntchito ya msewu wonse, pakuti pang'ono ndi pang'ono aliyense anadziwa, ndipo aliyense anatseka pakamwa. A Dalaiva anayala mphasa yalabala kunsi kwa makina. Anasintha mabawuti. Anaimba mlandu simenti yapansi, kenako nsapato zawo, kenako kampani yamagetsi. Anaimbira foni mtsikana wa kusitolo uja n'kumuyeserera kaphokosoko ndi pakamwa mpaka mtsikanayo anati kwabwera kasitomala. Wometa tsitsi ankabwera ndi maganizo atsopano sabata iliyonse, onse ofuna kuti a Dalaiva ayende nthawi yotalikirapo kuti atsimikize. Okwera ena tinkalandirabe maulendo athu, koma ulendo woyamba, wautali, unali wa dalaiva yekha.

Kaphokosoko kanali ndi khalidwe lake. Tsiku limene Mayi Telala apita kukagula nsalu, sikankamveka. A Dalaiva ankati n'chifukwa cha nyengo.

Kenako mvula inayamba, yamphepo, yolowa mpaka pakhonde. Mayi Telala anakokera makina awo kukhitchini, kutali ndi zenera, ndipo kaphokoso kanasowa. Tinkaopa kuti a Dalaiva anena kuti vuto latha, abwerere pamabatani. M'malo mwake ndinawamva akuitana, mvula ikusokosera padenga.

"Mayi a ana, makina anuwo alowetseni muno. Makutu anu ndi akuthwa, muzindithandiza kumvetsera."

"Nanga ulusi uja wolowa m'mota?"

"Ndizisesa."

Tinathandizana kunyamula, n'kuwaika pakona, kumbuyo kwa woyendayo. Tsiku lomwelo kaphokoso kanabwerera, kamphamvu kuposa kale.

M'mawa mwa masiku amenewo ndimomwe ndimawakumbukira kwambiri. Kuchokera kwanga ndinkamva makina awiri akulira pamodzi, wina wosoka, wina woyenda, ndi mawu a a Dalaiva pamwamba pake, odukaduka ndi mpweya. Ankalengezabe ulendo, koma tsopano ankalengezera munthu mmodzi. Ankawauza za mlatho wopapatiza umene ankawoloka atagwira mpweya, za phiri limene injini inkalira ngati ng'ombe, za mayi wina amene anabereka mwana pampando wakumbuyo n'kumutcha dzina la basi. Zaka zonse zimene iwo anali pamsewu, Mayi Telala anali m'chipinda chomwechi ndi ana ndi ulusi, ndipo misewu imeneyo anali asanaionepo.

"Pamenepa mukadaona kunsi, mayi a ana, mukadakomoka."

"Yang'anani kutsogolo, mungatigwetse."

Buluku la a Dalaiva linayamba kubwezedwa. Tsiku lina anapita okha wapansi kukagula buledi pakona, ndipo wa golosale anawapatsa mpando poganiza kuti kwagwa zovuta. Kuchipatala adokotala anayang'ana zoyezera, anayang'ana munthu, n'kufunsa chimene chasintha.

"Makina ali ndi vuto, adokotala. Ndikulifufuza."

Adokotala akuti anayang'ana Mayi Telala, amene ankayang'ana kudenga.

"Pitirizani kufufuza, bambo. Musafulumire kulipeza."

Mvula imene adokotala anakayikira ija anaimva padenga, ndi ina, ndi zina zambiri pambuyo pake. Anaona mdzukulu amene anabadwa chaka cha makinawo akuyamba sukulu, mpaka kufika m'kalasi mwanga. Lamba woyamba anathadi, monga ankaopera, ndipo anamusintha monyadira, n'kuuza aliyense kuti wamumaliza ndi mapazi ake.

Koma mtima ndi mtima. Chaka chathachi unayambanso kufooka, ndipo ulendo uno kuyenda sikukanathandiza. Masana ena ndinapita kukawaona ali gone, Mayi Telala atapita kukatenga mankhwala. Anandipatsa kasipanala kopindika kaja.

"Kotala yokha, Aphunzitsi."

"Kenako ndidikire ndione."

"Mwakhoza." Anapuma pang'ono. "Komanso muwauze mayi athire mafuta sizasi ija. Yayamba kulira mosasa."

Ndinatsegula pakamwa, chibwibwi chokha n'kutuluka. Iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Poyamba anandipusitsadi, ndisaname. Kenako ndinaona kuti beringi imeneyi imapita kukagula nsalu."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Dalaiva akapeza vuto, ulendo woyesa umatha. Ine wokwera wanga ndinali nditangomupeza kumene." Anatseka maso. "Koma ayi, musawauze kuti ndinadziwa. Amainyadira ntchito imeneyo."

Anatisiya patangopita masabata ochepa, m'mawa, pa nthawi imene ankavundukula makina.

Mawu akuti musawauze anandisowetsa mtendere nditayamba kulemba nkhaniyi. Ndinalemba, ndinafufuta, ndinalembanso. Pomaliza ndinaona kuti sindingaike pa pepala chinthu chimene mwini wake sanachimve, ndiye ndinapita kukawauza Mayi Telala, mawu nditawakonzeratu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akulowetsa ulusi pa singano.

"Aphunzitsi, munthu anandithamangitsa m'chipinda chifukwa cha ulusi, n'kudzandiitananso ndi ulusi womwewo. Mukuganiza kuti sindinadziwe kuti wadziwa?"

"Ndiye nonse awiri..."

"Lembani. Koma mulembe kuti sizasi yanga silira mosasa."

Ndalemba.

Mumsewu mwathu tsopano m'mawa mumacha mwakachetechete. Pakhomo paja palibe mzere. A Bucha zala zakumapazi anatsanzikana nazonso, ndipo akuti kuyenda popanda wokukaniza kutsika n'kosakoma. Mabuluku amene Mayi Telala anabweza akubwerera limodzilimodzi kudzawonjezedwa. Chitseko chija sichinabwezeretsedwe mpaka lero, chili kuseri kwa nyumba, chifukwa palibe amene akufuna kukhala woyamba kunena kuti basi singatulukenso.

Makina sanagulitsidwe. Amakwera ndi Mayi Telala, m'mawa uliwonse, atapukuta nsapato kunsi, chipewa cha kampani chili pa chogwirira pafupi ndi belu. Ine ndimapita kukaona lamba ndi kuthira madontho. Mwezi wathawu ndili chinjutire kumbuyo, iwo akuyenda, ndinamva ka. Ndinayang'ana pakona. Sizasi inali patebulo, yokha, palibe woigwira. Ka. Kanali kumbuyo, chakumanja, m'kati mwa makina enieniwo.

"Mayi, ulendo uno ndi beringi yeniyeni. Ndiitane wokonza?"

Sanatembenuke. Anapendeketsa mutu kumanzere, akuyendabe.

"Kasiyeni, Aphunzitsi. Ndikumvetsera."